Agalu Aakulu Amene Eni Ake Adatopa Nawo

Pakati pa ntchito zonse zimene ana a anthu amagwira pansi pa thambo, ilipo ina imene anthu a kwathu kuno ku Nkando, ngakhale ali aulemu ndi odziwa kulandira alendo, saitcha ntchito konse, koma chibwana cha munthu wamkulu amene zochita zidamuthera; ndipo ntchito imeneyo ndiyo yanga. Ndine wolera agalu, makamaka agalu aakulu akuda aja a mtundu wa Rottweiler, amene eni ake, atawagula ndi ndalama zambiri ndi kudzitama nawo pamaso pa anansi, amafika potopa nawo nasowa kowapititsa. Luso limeneli ndidaliphunzira ndili mnyamata, pamene ndidali mlonda pa esiteti ina ya tiyi m'tsinde mwa phiri la Mulanje, pansi pa kapitawo wina wachilomwe, munthu wa mawu ochepa, amene ankayenda usiku ndi agalu ake popanda chingwe, ndipo sindidamuonepo atakwezera galu ndodo. Iyeyo ndiye adandiphunzitsa kuti galu wamkota sakandira pachabe: chilichonse chimene galu achita, kaya kuuwa, kaya kubisala, kaya kuluma kumene, chili ndi gwero lake, ndipo wolera agalu ayenera kufukula gwerolo asanagamule mlandu.

Galu uyu kwawo ndi ku Rottweil, mzinda wakale wa m'dziko la Germany, m'mbali mwa mtsinje wa Neckar, kumene makolo ake ankakusa ng'ombe popita nazo ku msika ndi kukoka ngolo za nyama za anthu opha ng'ombe. Pamene sitima za pamtunda zidayamba kunyamula ziweto m'zaka za m'ma 1800, ntchito yake idatha, ndipo mtundu wake udatsala pang'ono kuzimirira, kufikira apolisi a dzikolo, ataona nzeru zake ndi kulimba mtima kwake, adamutenga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ndipo mu 1921 lidakhazikitsidwa bungwe losunga mtunduwu, limene lilipo kufikira lero. Wamphongo akakhwima amalemera makilogalamu pafupifupi 50, wamkazi kupitirira pang'ono 40, ndipo masiku a moyo wake ndi ochepa, zaka 8 kapena 10 basi. Mbiri imeneyi ndiyo imandiuza chimene nyamayi imafuna, pakuti idabadwira kugwira ntchito pambali pa munthu kuyambira m'mawa kufikira madzulo, kumva mawu ake ndi kupenya nkhope yake. Ndipo mukailanda zimenezi, mwailanda nzeru zake zomwe.

Tsono taonani chimene chimachitika kwathu. Munthu wa m'tauni, mbala zitamubera kawiri, amamanga mpanda wa njerwa, namva kwa anzake kuti pali galu wachizungu amene dzina lake lokha limathamangitsa akuba. Amagula kagalu kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu, kopanda khadi la katemera, kosadziwika make ndi atate wake, kawirikawiri kochotsedwa ku bere nthawi isanakwane. Pofuna kuti kakule kolusa, amakatsekera m'bokosi la matabwa usana wonse kuti kasaone munthu, nakamasula usiku wokha. Ena amakathirira tsabola m'chakudya, ena chamba, ena amasinja mavu, pokhulupirira kuti ukali wa mavuwo ulowa m'magazi. Ndikunena mosapsatira kuti zonsezi ndi nkhanza zopanda phindu. Galu woleredwa chotero amasanduka wamantha, ndipo mantha ake ndiwo amamulumitsa aliyense, mwana wa m'nyumba, wantchito, mlendo, ngakhale mbuye wake, pakuti sadaphunzitsidwe kusiyanitsa mnansi ndi mdani. Akulu adati m'mera mpoyamba, ndipo pa galu miyezi inayi yoyambirira ndiyo m'mera wake. Chimene sadachione m'miyezi imeneyo, kaya njinga ya kabaza, kaya mbuzi, kaya mwana wokwawa, adzachiopa moyo wake wonse pokhapokha wina achite naye khama lalikulu.

Sikuti onse amene amapereka agalu awo ndi anthu oipa mtima. Ambiri zimangowagwera. Wina ntchito yatha ndipo akusamukira m'nyumba ya lendi yopanda mpanda. Wina ndi mlendo amene akubwerera kwawo kutsidya kwa nyanja. Kwina mwini galu watisiya, ndipo mayi wamasiye sangathe kugwira chingwe cha nyama yolemera kuposa iye. Namondwe wa Freddy, amene adasakaza Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre mu Malichi 2023, adagwetsa mipanda yambiri pamodzi ndi nyumba, ndipo munthu amene akugona m'kalasi la sukulu ndi ana ake sangasunge Rottweiler. Chaka chomwecho, mu Novembala, ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu idakwera, ndipo m'makomo ambiri funso lidali lakuti adye ndani, ana kapena galu. Pa chifukwa chimenechi, ife amene timagwira ntchitoyi tidapangana kuti munthu wobwera kudzapereka galu sitimuchititsa manyazi. Tilipo owerengeka chabe, opanda ofesi ndi opanda malipiro: mphunzitsi wina wopuma amene amasunga kaundula, mayi wina wa golosale amene amatolera zopereka, mnyamata wina wa galimoto amene amanyamula agalu pa msewu wa Midima pochokera ku Limbe, ndi ine wa makola. Mutu umodzi susenza denga. Kwa wopereka galuyo timangopempha choonadi: kodi adalumapo munthu, adaluma ndani, pa nthawi yanji, ndipo khadi lake lili kuti. Bodza la pa mfundo imeneyi lingathe kupundula mwana wa munthu wina.

Galu akafika pakhomo panga, sindimukhudza. Apa ndi pamene pagona luso lonse, ndipo ndi pamene achinyamata amene ndimawaphunzitsa amalephera kudekha. Ndimamuika m'khola la yekha, pamthunzi, kutali ndi agalu ena, pakuti sindidziwa matenda amene wabwera nawo; ndimamuikira madzi, ndipo ine ndimakhala pa mpando chapatali, chammbali, osamuyang'ana m'maso, ndikusoka thumba kapena kutong'ola chimanga, kuti azolowere fungo langa ndi mawu anga popanda kumukakamiza kanthu. Pakuti galu amalankhula ndi thupi lonse, ndipo amene adaphunzira kuwerenga thupilo salumidwa wamba. Akanyambita milomo kopanda chakudya, akayasamula wosagona, akatembenuza mutu nkuonetsa choyera cha m'maso, ameneyo akupempha kuti mumutalikire. Akauma thupi, kutseka pakamwa, ubweya wa pamsana utaima, watsala pang'ono kulumpha. Ndipo musanyengedwe ndi mchira, pakuti si kugwedeza mchira konse kumene kuli kukondwa. Rottweiler ali ndi chizolowezi cholira chapakhosi akamasisitidwa, chimene osadziwa amachiyesa ukali, koma thupi likakhala lofewa ndi maso ali ofatsa, kumeneko ndi kucheza. Galu wochenjeza ndi mawu a pakhosi sindimulanga konse, chifukwa mukamuletsa kuchenjeza, tsiku lina adzaluma osachenjeza.

Tsiku limene adzabwera yekha kudzanunkhiza dzanja langa, pamenepo sukulu yayamba. Chakudya chake chimadzera m'manja mwanga, pang'onopang'ono, ndipo chilichonse chimene afuna amachigula ndi kumvera: akhale pansi asanadye, adikire pa chitseko ndisanatsegule, ayende pambali pa mwendo wanga wamanzere chingwe chili chofewa. Timayenda m'mamawa, dzuwa lisanatuluke kuseri kwa phiri, ndi madzulo, pakuti galu wakuda wa thupi lalikulu sapirira kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndipo angathe kufa nako. Poyamba timayenda m'njira za m'minda ya nandolo ndi chinangwa kopanda anthu. Kenako pafupi ndi mjigo, kumene amayi amatunga madzi. Ndipo pomalizira, atavala chotsekera pakamwa, timaima chapatali ndi msika wa Nkando pa tsiku la msika, kuti amve phokoso la maminibasi ndi kuona unyinji wa anthu ali phee pambali panga. Ena amafika pamenepa msanga, ena amatenga miyezi yambiri, ndipo sindidapezepo njira yachidule.

Za thupi lake ndimadalira alangizi a ziweto a boma ndi madokotala a nyama, pakuti jakisoni si ntchito yanga. Nkhupakupa zimabweretsa malungo amene amayeretsa nkhama ndi kufooketsa galu. Nyengo ya mvula, mphutsi zimaboola khungu la galu wogona pa dothi lonyowa. Mtundu uwu umagwidwa msanga ndi matenda otsegula m'mimba mwa magazi amene amatha tiagalu tosabayidwa, ndipo ukakalamba umavutika ndi mfundo za m'chiuno. Koma mdani wamkulu ndi chiwewe, chimene chikaonetsa zizindikiro sichichizika, ndipo chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, kuphatikizapo ana ambiri. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ataona kuchuluka kwa ana omwalira nacho, bungwe la Mission Rabies lidayamba mu 2015 kubaya agalu a mumzinda wa Blantyre, oposa 35,000 m'chaka choyambacho, ndipo pambuyo pake ntchitoyo idafika ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, nthendayi imasowa poyenda. Choncho palibe galu amatuluka pakhomo panga wosabayidwa, ndipo palibe amatuluka wosathenedwa kapena wosatsekedwa, pakuti galu wamkazi mmodzi amaswa ana asanu ndi atatu kapena khumi pa nthawi imodzi, ndipo sindidzalola kuti galu amene ndamupulumutsa akasanduke munda wa ndalama wa munthu wina.

Kadyedwe kake sikachilendo: nsima ya mgaiwa kapena madeya, yosakaniza ndi bonya, soya wophika, msuzi wa mafupa a ng'ombe ndi nkhwani, kawiri pa tsiku. Anyezi ndi mafupa a nkhuku ophika sindimupatsa, ndipo akadya amapuma, chifukwa kuthamanga ndi mimba yodzaza kungathe kupotokola chifu cha galu wa chifuwa chachikulu.

Komabe chovuta kuposa zonsezi ndicho kuyesa munthu wofuna galu. Pamenepa ndimachita monga ankhoswe amachitira asanapereke mwana wawo ku banja: ndimapita ndekha kukaona khomo, kutalika kwa mpanda, mthunzi, ndi pogona galu, ndimafunsa mayi wa panyumba ngati wavomera, pakuti kawirikawiri bambo ndiye amafuna galu koma mphika umagwera mayi, ndimalankhula ndi mlonda ndi ana omwe. Munthu akayamba ndi kufunsa kuti, "Agogo, kodi ameneyu amaluma zedi?" ndimamuyankha mwaulemu kuti, "Pepani bwana, amene mukufunayo ine ndilibe." Koma akafunsa chimene galu amadya, chimene amaopa, ndi tsiku la katemera wake wotsatira, ameneyo ndimamukhazika pa mkeka. Ndimamuuza poyera kuti walira mvula walira matope: galu uyu adzafuna chakudya m'chaka cha njala, adzafuna kuyenda pa tsiku limene inu mwatopa, ndipo adzadwala ndalama zitatha. Pangano lathu ndi limodzi, lakuti zikavuta, galu abwerere kwa ife, asagulitsidwe ndipo asapatsidwe kwa wina. Anthu ambiri a m'midzi yathu ndimawalangiza kuti atenge galu wachikuda, amene adya pang'ono, apirira nkhupakupa ndi dzuwa, nauwa mbala mofanana. Ena amakhumudwa ndi uphungu umenewu, koma sindiusintha.

Si onse amene amabwerera m'njira. Alipo agalu amene unyolo udawawononga kotheratu, amene amaluma mopanda chenjezo ngakhale atasamalidwa nthawi yaitali. Oterewa sindingawapereke kwa munthu, ndipo kuwasunga m'khola moyo wawo wonse ndi ndende chabe. Pamenepo timaitana dokotala wa nyama kuti amugoneke ndi jakisoni mopanda ululu, ndipo ndimakhala pomwepo ndikumugwira mutu. Mlandu wa imfa yotero suli pa galu.

Inu amene muli ndi galu wamkulu amene wakukulirani, musakamutaye m'mbali mwa msewu, musamuthire tameki, ndipo musamugulitse kwa munthu wosamudziwa. Pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, kapena ku bungwe losamalira nyama la Blantyre SPCA, kapena la LSPCA ngati muli ku Lilongwe, mutatenga khadi lake la katemera, ndipo mukanene zoona zonse. Inu amene simungasunge galu koma mtima ulipo, thumba la madeya, chitini cha bonya, bulangete lakale kapena malo pa galimoto yanu ndi thandizo lenileni kwa olera agalu a kwanuko. Ndipo galu aliyense akakulumani, wachizungu kaya wachikuda, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, nimupite ku chipatala tsiku lomwelo.