Ng'oma Isanagone pa Lacitatu la Phulusa

Caka ciliconse, Lenti ili pafupi, wailesi ya kanema imationetsa kuno ku Kaunda Square makamu a anthu akuvina m'miseu ya Rio de Janeiro ndi Port of Spain. Cikondwerero cimeneci amacicha carnival. Ambiri a ife timapukusa mitu poona kavalidwe kao, ndipo pali cifukwa cake. Koma ine ndimachera khutu ku nyimbo zao, pakuti m'menemo muli mbiri yotikhudza.

Carnival anabadwira m'maiko acikatolika a ku Ulaya, kumene anthu anali kudya nyama ndi kusangalala asanalowe m'masiku 40 a kusala. Mwambowu utaoloka nyanja, unakumana ndi ana a Afirika otengedwa ukapolo. Ku Trinidad boma la Angelezi linaletsa ng'oma zao m'zaka za m'ma 1880. Iwo anadula nsungwi nayamba kugunda nazo pansi, ndipo pofika m'ma 1940 anali atasula migolo ya mafuta kufikira inaimba. Ku Brazil samba anaphuka pa kaombedwe ka ng'oma kocokera ku Angola ndi ku Congo. Anthu olandidwa dziko, maina ndi cinenero anabisa kwao m'nyimbo.

Kwa ife a kum'mawa nkhaniyi si yacilendo. Angoni atagonja mu 1898, mwambo wa Nc'wala unazima mpaka 1980. Pamene unadzukanso ndinali mnyamata pa sukulu ya mishoni, ndipo ndinazizwa kuona nkhalamba zikuimba nyimbo za ngoma mosadodoma. Zinali zitazilandira kwa makolo ao pabwalo, pamowa ndi pamaliro. Lero, kumapeto kwa Febuluwale, mabasi amadutsa pafupi nafe mu Great East Road atadzaza anthu opita ku Mtenguleni, ndipo mu Ogasiti Acewa amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba. Gule Wamkulu, amene amishoni oyamba anamutsutsa kolimba, analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005. Eklezia nayenso, utatha Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican mu 1965, anatsegulira ng'oma khomo pa Misa.

Tsono nkhawa yanga ndi iyi, abale anga. Pamaukwati a m'komboni mwathu timalipira mwini zokuzira mau, ng'oma n'kukhala pakona. Ndikafunsa ana a m'kalasi la katekisimu nyimbo imodzi ya cimtali kapena ya pamtondo, amayang'anana. Cimene lamulo la atsamunda linalephera kupha cingathe kufa m'manja mwathu, popanda wotiletsa.

Mankhwala ake sali kutali. Lamulungu lotsiriza Lenti isanayambe, mphakati uliwonse ungasonkhane pabwalo la nyumba imodzi. Agogo aphunzitse ana nyimbo imodzi ya kumudzi, afotokoze amene anali kuiimba, nthawi yake ndi tanthauzo lake. Mwa oyandikana nafe muli Abemba, Atonga ndi Alozi. Iwonso abwere ndi zao, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tisaiwale kuti carnival ali ndi malire. Pa Lacitatu la Phulusa kuvina kumatha, ndipo ngakhale Aleluya timamusunga mpaka usiku wa Pasaka. Makolo athu anadziwa kuti ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Mwana amene waphunzira nthawi yoimba ndi nthawi yokhala cete adzamvetsa bwino cifukwa cake ng'oma za Pasaka zimalira mokoma cotere.