Galasi Lakuda ndi Kamzere Kophethira

Ife amene timasula aphunzitsi tili ndi udindo woyendera ophunzira athu pamene akuyeserera ntchito m'sukulu. Zaka zingapo zapitazo ulendo wotere unatifikitsa pa sukulu ina ya ku Biwi, mu mzinda wa Lilongwe, m'sabata yotsekera teremu. Tinapeza aphunzitsi aakulu atagwira njakata. Mu ofesi mwao munali kompyuta yakale yamphatso, yoyendera Windows 98, ndipo malikisi a ana a makalasi angapo anali m'menemo. Dzulo lake magetsi anathima makinawo ali pakati pa ntchito, ndipo chiyambire pamenepo, akawayatsa, ankangoima panjira.

Wophunzira wathu, mnyamata wochenjera ndithu, anali atayendetsa mausi uku ndi uku mpaka thukuta kamukamu. "Bambo," iye anatero, "zithunzi sizikubwera, ndiye ndidina pati?"

Funso limeneli linatilasa mtima, pakuti ndife tinamuphunzitsa. Tinamuonetsa podina, koma chimene chili kunsi kwa zithunzizo sitinamuuze. Windows 95 ndi Windows 98 zinamangidwa pamwamba pa MS-DOS, imene kampani ya Microsoft inatulutsa m'chaka cha 1981, monga denga likhalira pamwamba pa zipupa. Denga likasasuka, zipupa zimakhalapobe, ndipo munthu akhoza kuloŵa.

Tinayatsanso makinawo, nitimuuza mnyamatayo kuti adine batani la F8 chizindikiro cha Windows chisanaoneke. Ulendo woyamba anachedwa. Wachiŵiri panatuluka mndandanda wa njira zoyambira. Anasankha yachisanu, yolembedwa kuti Command prompt only. Galasi lonse linada bii, kungotsala C:\> pakona ndi kamzere kophethira. Aphunzitsi aakulu anapukusa mutu, poyesa kuti tsopano zonse zafufutika. Koma kamzereko tanthauzo lake n'lakuti makina ali moyo, akudikira lamulo lolembedwa.

Analemba DIR, ndipo maina a zonse zosungidwa anatsika pagalasi. Ndi CD analoŵa m'chikwatu cha malikisi, napeza kuti onse alimo. Kenaka tinamuuza lamulo lakuti SCANREG /RESTORE. Windows 98 imasunga yokha makope asanu a kaundula wa makonzedwe ake, ndipo lamuloli limabwezeretsa kope la tsiku limene zinthu zinali bwino. Mnyamatayo, potsata khutu lake lachicheŵa, analemba SKANREG. Makina anakana. Anayang'anitsitsa, naona yekha kuti K walanda malo a C, nakonza. Anasankha kope la masiku aŵiri m'mbuyo, makina anayambanso, ndipo zithunzi zinabwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pobwerera ku koleji tinalingalira za chilembo chimodzi chija. M'kalasi, mwana akayankha mophonya pang'ono, ife timathamangira kumumalizira, nitimuyamika. Makina aja sanamumalizire mnyamatayo, komanso sanamunyoze. Anangokana, namudikira. Potero iye anapeza cholakwa chake ndi maso ake, ndipo sitikhulupirira kuti anachiiŵalanso. Kodi ndi kangati pamene ife timalanda ana mwai wotere chifukwa cha changu chathu?

N'zoona kuti njira imeneyi inapita ndi nthaŵi yake. Windows Me ya m'chaka cha 2000 inaichotsa pa mndandanda uja, ndipo Windows XP ya mu 2001 sinamangidwenso pa MS-DOS. Komabe Command Prompt ikadalimo m'makompyuta a masiku ano, ndipo DIR ndi CD zikumvekabe. Motero tsopano, chaka chilichonse, timapatula phunziro limodzi pamene ophunzira athu amaika mausi pambali, nafufuza ntchito yao polemba malamulo okha. Akaphonya chilembo timaugwira mtima, osalankhula.

Aphunzitsi aakulu aja tinawasiyira langizo limodzi lokha: malikisi a ana azilembedwanso m'kaundula wa pepala tsiku lomwelo. Masiku ano langizo lomweli timalipereka kwa aliyense wotuluka m'manja mwathu.