Fulu wa m'Mipanda ya ku Area 9

Tikapatuka pa msewu wa ku Mchinji ndi kulowa Area 9, tiona nyumba za mabwalo otakasuka ndi mitengo yamthunzi. M'mabwalo otere ana apempha kuti awagulire fulu. Makolo okondedwa, musafulumire ayi. Fulu ndiye nyama ya m'thengo, ndipo lamulo lifuna chilolezo pomsunga. Tikagula kwa wogulitsa pamsewu, mawa akatola wina. Wokhala ndi chilolezo ampatse udzu, dzuwa, mthunzi ndi madzi m'mbale yosazama, osatopa, pakuti fulu akhoza kupyola zaka 50. Tikapeza wovulala, timpereke ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mphepete mwa Lingadzi. Mulungu anatisungiza zolengedwa zake, ndipo adzatifunsa za izo.