Nyundo ya Malemu Fred Dibnah

Pa shelefu ya m'chipinda chathu chochezera, mu mzinda wa Bolton kuno ku England, pali nyundo yakale ya mpini wakuda bii ndi mafuta a injini, ndiponso zikhomo ziŵiri zachitsulo zodyeka ndi dzimbiri. Alendo ochokera kumudzi akatiyendera amaziyang'ana kaye mwaulemu, kenaka nkufunsa chapansipansi ngati m'nyumba muno mulibe bokosi losungiramo zipangizo. Ndikawauza kuti zitsulozo ndidachita kugula pa okushoni, ndi ndalama zimene kwathu zikadagula matumba angapo a feteleza, amangoti kukamwa yasa. Mai a kunyumba nao adandifunsa tsiku limene ndidabwera nazo kuti, "Kodi abambo, mwini wake wa nyundoyi adali mbale wanu?" Tsikulo ndidasoŵa choyankha. Tsono lero, aŵerengi okondedwa, ndati ndiyesepo.

Mwini nyundoyo adali bambo Fred Dibnah, mbadwa ya mu Bolton momwemuno, amene adabadwa mu 1938 namwalira pa 6 Novembala 2004. Ntchito yao idali yokwera ndi kukonza nsanja za matchalitchi ndi machumuni a mafakitale. Ndikati chumuni musaganize ka pa khitchini kapena ka pa bani ya fodya ai. Ndikunena chipilala cha njerwa chobooka m'kati, chotalika mafiti 200 mwinanso kuposa, chimene chinkalavula utsi wa malasha kuchokera m'mafakitale opota thonje. Mu 1929 mzinda wa Bolton wokha udali ndi mafakitale a thonje 216, ndipo ambiri mwa iwo adali ndi machumuni ao. Lina mwa thonje lopotedwa m'dera lino la Lancashire linkachokera kwathu komwe, m'masiku a Nyasaland. A Dibnah adakula akuyang'ana nkhalango ya machumuni imeneyi, ndipo ngakhale adayamba ndi kuphunzira ukalipentala, mtima wao udali m'mwambamo.

Dziko lidawadziŵa mu 1979, pamene wailesi yakanema ya BBC idaonetsa filimu ya ntchito yao, itawapeza chaka cha m'mbuyo mwake akukonza nsanja ya wotchi ya holo ya mzinda wa Bolton. Filimuyo idalandira mphoto ya BAFTA, ndipo kuchokera pamenepo munthu wa chipewa chamafuta ndi wesikoti yolendeŵera tcheni cha wotchi adaloŵa m'nyumba za anthu mamiliyoni.

Ine ndidawaona koyamba pa kanema mu 2002, nditangofika kuno kutsatira mai a kunyumba amene adapeza ntchito ya unamwino. Masiku amenewo ndinkangobindikira m'nyumba, kunja kukuzizira, Chingerezi cha anthu a kuno chikundidutsa m'makutu ngati madzi. Kunena zoona mau a bambo Dibnah ndinkamvapo ochepa chabe. Koma manja ao ndinkawamva onse. Taonani m'mene ankakwerera chumuni. Ankaboola kabowo pakati pa njerwa ndi tchizulo, nkukhomeramo kamtengo, m'kamtengomo nkukhomeramo chikhomo chachitsulo. Pa chikhomocho ankamangirirapo makwerero amatabwa ndi chingwe. Akatero ankakwera mpaka pa nsonga ya makwererowo, nkukhala chotang'adza pamenepo, nkukoka makwerero ena kuchokera pansi, nkuboolanso, nkukhomanso, nkumanganso. Ankachita chomwecho mpaka kufika pamwamba penipeni, wopanda lamba wowagwira akaterereka. Chumuni cha India Mill ku Darwen, chotalika pafupifupi mafiti 300, chiri ndi milomo yotulukira kunja chakumwambako, kotero kuti wokwera amafika pena pamene makwerero apendekera chagada, msana uli ku phompho. Ine poonera ndinkagwira mpando mwamphamvu, thukuta liri m'manja, pamene eni ake ankakwera akucheza ngati ali pa khonde.

Chimene chidandigwira mtima koposa ndicho kagwetsedwe kao ka machumuni. Mafakitale atatsekedwa, ntchito yambiri imene inkawapeza idali yogwetsa zinthu zomwe adazikonda chibadwire. Ena ankagwetsa ndi mabomba. Iwo ankagumula njerwa za m'tsinde mbali imodzi pang'onopang'ono, ndipo pamene achotsa njerwa ankachirikizapo ndi zidutswa za mapolo a telefoni, mpaka chumuni chonsecho mbali imeneyo chitatsamira pa mitengo. Kenaka ankaunjikapo nkhuni ndi matayala akale nkuyatsa moto. Chumunicho chinkafuka utsi komaliza monga chinkachitira pa masiku ake a ntchito, mitengo ija nkupsa, ndipo iwo akaona mng'alu ukuyasama kumbuyo ankaliza lipenga lao nkuthaŵa, chipilala chonse nkugwa chogona pa malo amene adachikonzera. Adagwetsa machumuni pafupifupi 90. Komabe sankabisa kuti kukonza ndiko kunkawasangalatsa, ndipo asanagwetse ankayamba atamanda amisiri akale amene adayala njerwazo. Ndidaona ngati munthu amene akusambitsa maliro a mnzake.

Pano ndiyenera kuulula chifukwa chake manja aja ndinkawamva. Bambo anga ondibala adali mmisiri womanga nyumba. Adamanga masukulu aŵiri, mabani a fodya osaŵerengeka, ndi nyumba za anthu m'midzi yozungulira kwathu. Adali ndi mpeni wao womangira umene udaperepeseka mbali imodzi chifukwa chodula njerwa zaka makumi atatu, ndiponso levulo yamtengo imene sankalola mwana aliyense kuikhudza. Akapeza khoma la mmisiri wina ankaliyenda ndi chikhatho, nkupukusa mutu kapena kugwedeza, monga momwe ndidaonera a Dibnah akuchitira. Bambowo adamwalira mu 2003 ine ndiri kuno, ndipo mapepala ndi ndalama sizidandilole kukaika nao maliro. Abale adandilembera kuti katundu wagaŵidwa mwamwambo ndipo zipangizo zaikidwa padera kudikira ine. Ndidati ndipita chaka cha maŵa. Chaka cha maŵacho chidasanduka zaka zinai. Paja akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau. Pamene ndinkafika kumudzi, levulo idali itabwerekedwa ndi munthu amene adasamuka, ndipo mpeni uja palibe ankakumbukira kumene udaloŵera. Sindiimba mlandu munthu. Chitsulo pa mudzi sichikhala chogona, ndipo wochedwa ndidali ine.

Tsono pa 16 Novembala 2004 ndidapezeka nditaima m'mbali mwa mseu mu Bolton, mvula ikugwa, pakati pa anthu zikwizikwi. A Dibnah adali atalimbana ndi khansa kuyambira mu 2001, ndipo adatsirizika ali ndi zaka 66. Miyezi yochepa m'mbuyomo, akudwala kale, adayenda m'madera ambiri a Britain pa injini yao yoyendera nthunzi ya mu 1912, imene adaikonza kwa zaka 27, mpaka kukafika nayo ku London kumene Mfumukazi Elizabeth idawapatsa mendulo ya MBE. Injini yomweyo ndiyo idakoka ngolo yonyamula bokosi lao, chipewa chao chija chiri pamwamba pa bokosi. Pambuyo pankabwera injini zina, kuphatikizapo chimakina chao chotsindira mseu cha mu 1910, chimene adachitcha Betsy, dzina la mai ao. Mwambo udachitikira m'tchalitchi cha Anglican cha St Peter, ndipo adaikidwa m'manda a Tonge, kufupi ndi kunyumba kwao. Malikhweru a injini atalira, ine ndidalira nao, kulira kwenikweni kwa misozi ndi mamina, koti mkulu wina wachizungu amene adaima pambali panga adandipatsa kansalu kopukutira. Iye adayesa kuti ndikulira a Dibnah. Nanenso ndinkayesa chomwecho.

Mkulu ameneyo ndidadzazindikira kuti ngwa mumseu mwathu momwe, ndipo tidasanduka mabwenzi. Adagwira ntchito m'fakitale ya thonje kuyambira ali mnyamata mpaka tsiku limene idatsekedwa, ndipo chumuni cha fakitale yaoyo adachiona chikugwa ndi maso ao. Ndiwo adandiphunzitsa kusonkhanitsa. M'kachipinda kao kakuseri adali ndi mabokosi a zodula m'nyuzipepala, matepi akale a kanema, zithunzi zosainidwa, ndi njerwa zitatu zakuda ndi mwaye, iriyonse ndi kapepala konena chumuni chimene idachokera ndi chaka chimene chidagwa. Ndidawafunsa kuti, "Agogo, njerwa yapsa kale iyi, mukusungiranji?" Iwo adati njerwa imeneyo idawaona akuloŵa pa geti m'maŵa uliwonse kwa zaka zambiri, ndipo mwa onse amene adawaona, yatsala ndi yomweyo.

Si onse osonkhanitsa ali ndi mtima wotere. Ndaonapo ena amene amagula kuti mtengo ukakwera agulitsenso, ndipo nkhani yao yonse ndi ya mapaundi. Ndiponso chikondi chathu pa malemuwa chisatitseke maso. Adakwatira katatu, ndipo si chinsinsi kuti injini ndi machumuni zidadya nthaŵi yambiri imene ikadakhala ya banja. Ife oonera pa kanema tidalandira nthabwala ndi kumwetulira. Odikira kunyumba, amene ankadziŵa kuti chingwe chimodzi chikaduka basi kwatha, adasenza mbali ina. Ndimakumbuka mai anga akuyang'ana kunjira dzuŵa litaloŵa, bambo ali kutali ku ntchito mwezi wachitatu.

Nyumba ya a Dibnah pa mseu wa Radcliffe idali yodabwitsa payokha. Kuseri kwake adamangako shedi yodzaza ndi makina oyendetsedwa ndi nthunzi, chumuni chaochao, ndipo chakumapeto kwa moyo wao adayambanso kukumba mgodi pabwalo pomwepo kuti aonetse m'mene anthu akale ankakumbira malasha. Patapita zaka nyumbayo idagulidwa ndi munthu wina amene adaitsekula kuti anthu azidzaona. Ine ndi agogo aja tidapitako kangapo. Mu 2008 mzinda udaimikanso chiboliboli chao chamkuwa pakati pa tauni. Koma mu 2018 malo oonetsera aja adatsekedwa, ndipo m'mwezi wa Malichi katundu adagulitsidwa pa okushoni.

Agogo aja miyendo idali itayamba kale kukana, choncho adandituma ine. Ndidapita ndi ndalama zao m'thumba lina, zanga m'thumba lina, ndipo zangazo ndidalonjeza kunyumba kuti sindizikhudza. Zinthu zikuluzikulu zidapita kwa eni ndalama. Ine ndidayendayenda pakati pa mabokosi a masipanala, zingwe ndi zitsulo zopanda dzina, mtima uli wofanana ndi wa munthu wofika pa kugaŵa katundu wa malemu m'banja la eni ake. Kenaka ndidanyamula nyundo ina. Mpini wake udali wosalala ndi wokumbika pang'ono pamene pamakhala chala chachikulu, ndipo dzanja langa lidaloŵa m'malo mwa dzanja la munthu wina ndendende. Nthaŵi yomweyo ndidaona mpeni wa bambo anga, ndi kukumbika kwa chigwiriro chake. Lonjezo la kunyumba lija lidathera pomwepo.

Agogo nditawaonetsa adaitembenuza m'manja nkuseka. Adati a Dibnah ankatola zitsulo zakale paliponse, m'mafakitale otsekedwa ndi kwa akazi amasiye a amisiri, kotero kuti nyundoyi mwina idadutsa m'manja mwa anthu atatu isanafike kwa iwo, ndipo palibe angalumbire kuti chala chimene chidakumba mpiniwo nchayani. Ndidaganiza kuti mau amenewa andikhumudwitsa, koma sadatero. Ngati ili ya mmisiri wina wosadziŵika amene ana ake adachedwa kudzaitenga, ndiye kuti yafika pa khomo loyenera.

Agogo aja adamwalira chaka cha 2021. Patatha sabata zingapo mwana wao wamkazi adagogoda pakhomo pathu atanyamula mabokosi aŵiri, nati bambo ake adalemba pa kapepala kuti zonse za a Dibnah zipite kwa mnzao wa ku Malaŵi. Iye mwini adatengako chithunzi chimodzi chokha. Chotero njerwa zitatu zija ziri kwathu tsopano, pamodzi ndi matepi amene tiribe ndi makina oonerera omwe. Mai a kunyumba adangopukusa mutu nkundipatsa shelefu yachiŵiri.

Chilimwe chathachi khoma la njerwa la kuseri kwa nyumba yathu lidayamba kugumuka pamwamba. Ndidaitana mwana wanga wamwamuna, amene adabadwira kuno ndipo agogo ake sadawaonepo, kuti adzandithandize. Ndidatsitsa nyundo ija pa shelefu. Mnyamatayo adadabwa nati, "Adadi, si ija mudagula modula ija? Mukaithyola?" Ndidamuuza kuti agwire tchizulo molunjika ndipo asayang'ane nyundo koma mutu wa tchizulo, monga bambo anga adandiuzira ine ndiri wausinkhu wake. Tidagumula simenti yakale mizere inai tsikulo. Pa mzere wachitatu ndidampatsa nyundoyo, ndipo adadzimenya chala kaŵiri asanaizoloŵere. Khomalo tidalimaliza Loŵeruka lotsatira, ndipo lapendekeka pang'ono chakumapeto, pamene agogo ake akadaliyenda ndi chikhatho nkupukusa mutu.