Toci ya pa Ulendo wa ku Phiri la Mulanje

Kwa ife a kuno ku Chipata, amene tinazolowera timapiri tozungulira mzinda wathu, Phiri la Mulanje ku Malawi ndi dziko lina. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo wofuna kuifika amagona m'phirimo. Ambiri amayambira pa Likhubula. Pamwamba pali nyumba zogonamo alendo, monga ya Chambe ndi ya Chisepo, momwe muli poyatsira moto koma magetsi mulibe. M'mwezi wa June dzuwa limalowa 18 koloko isanakwane, ndipo mdima sucedwa.

Motero nkhani ya toci si yaing'ono. Ambiri a ife tinakula ndi toci yacitsulo ija ya mabatire awiri aakulu, younikira ku khola agalu akauwa. Pakhomo ndi yabwino ndithu, koma m'phiri ciliconse cimayenda pamsana. Batire limodzi lalikulu limalemera pafupifupi magalamu 100, pamene toci yonse ya LED yovala pamphumi, pamodzi ndi timabatire take titatu ta AAA, kawirikawiri sifika n'komwe pamenepo.

Kupepuka pakokha sikokwanira. Kucokera pa Chisepo kupita pa Sapitwa njira ndi ya miyala ikuluikulu: pena mukwawa, pena mugwira thanthwe ndi manja onse awiri. Wocedwa kutsika amadutsa pomwepo kutada, ndipo toci ya m'manja imamulanda dzanja limodzi pamene akulifunitsitsa. Ici ndico cifukwa cake ife timasankha ya pamphumi.

Ogulitsa amakonda kutamanda kuwala kwa toci. Inu afunseni kuti imayaka maola angati, ndiponso ngati kuwalako kungacepetsedwe. Nkhungu ya ciperoni ikatsika, kuwala kwamphamvu kumangobwerera m'maso mwanu ngati mwaunika khoma loyera. Kocepa, kolunjika pansi, ndiko kumaonetsa popondapo. Iyeneranso kukhala yosalowa madzi a mvula.

Nanga toci ya pa foni? Acinyamata adzatitsutsa, koma kuzizira kwa pamwamba kumatha batire msanga, ndipo foniyo isungidwe yoitanira thandizo. Mabatire apadera akulungeni m'pulasitiki. Polongedza cotsani batire limodzi mu toci, kuti isadziyatse yokha m'cikwama tsiku lonse inu osadziwa.