Mbiri ya Zigoba Zobirira M'madzi za ku Italy

Mphwanga,

Zigoba zovala kumaso pobira m'madzi zinakula kwambiri m'gombe la Liguria ku Italy, makamaka mumzinda wa Genoa, kumene anthu ankakonda kubaya nsomba pansi pa nyanja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, pachibale pawo Egidio ndi Nanni Cressi anayamba kupanga pamanja zigoba ndi mfuti zobayira nsomba, ndipo mu 1946 kampani ya Cressi inakhazikitsidwa mwalamulo. Mu 1949 Ludovico Mares anatsegula yake ku Rapallo, tauni ya m'gombe lomwelo. Nayo Pirelli, yodziwika ndi matayala, inkapanga zigoba, poti mphira inali nayo kale.

Zigoba zoyambirira zinali ndi galasi limodzi lobulungira, lozingidwa ndi mphira, lophimba maso ndi mphuno pamodzi. Munthu ankaona bwino, koma vuto linali m'makutu. Wobira akamatsika, madzi amamupanikiza, moti pa mamita 10 mphamvuyo imakhala itawirikiza kawiri poyerekeza ndi ya pamtunda, ndipo makutu amapweteka. Mankhwala ake ndi kutsina mphuno n'kukankha mpweya pang'ono kuti ufike m'kati mwa makutu. Tsono mphuno ili kuseri kwa galasi, zala zikanaifika bwanji? Ena ankavala kopanira mphuno, ena ankangokanikiza m'munsi mwa chigoba kuti mutseke mphuno, zomwe sizinkatheka bwino nthawi zonse.

Amene anathetsa vutoli ndi Luigi Ferraro, msilikali wosambira wa asilikali apamadzi a ku Italy, yemwe mu 1943 ankasambira usiku kukatchera mabomba kunsi kwa sitima m'madoko a Alexandretta ndi Mersin ku Turkey. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha anagwira ntchito ndi Cressi, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anatulutsa chigoba chotchedwa Pinocchio, dzina la chidole cha mphuno yaitali cha m'nthano ya Carlo Collodi. Galasi analiika pamaso pokha, mphuno n'kuipatsa kathumba kake ka mphira kotulukira kunja, kotsinika ndi zala. Phindu lina linabwera lokha: galasi litayandikira maso, mpweya wa m'chigoba unachepa, choncho wobira wopanda thanki sankatayanso mpweya wambiri wa m'mapapo poletsa chigoba kumuyamwa nkhope. Pafupifupi zigoba zonse za masiku ano zimatsata kapangidwe kameneka, ngakhale ochivala ambiri sadziwa n'komwe dzina la Ferraro. Iye anakonzanso zipsepse za kumapazi za Rondine, ndipo mu 1962 anayambitsa kampani ya Technisub.

Patsogolo pake silikoni inalowa m'malo mwa mphira, chifukwa siiuma kapena kung'ambika msanga ndi dzuwa ndi mchere. N'chifukwa chake zigoba zakale zomwe mphira yake idakali yofewa n'zosowa, ndipo osonkhanitsa zinthu zakale amazisunga pamalo ozizira, kutali ndi dzuwa.

Ndine mkulu wako.