Zingwe Zinayi za M'bondo

Inu anzanga alimi, tsiku limene mudzaphe mbuzi musadzafulumire kuponya mwendo wam'mbuyo mumphika. Mudzayambe mwang'amba bondo lake, lija lili m'mwamba pafupi ndi mimba, ndipo mudzaona mitsempha yoyera, yolimba ngati luzi. Bondo lanu nalonso linamangidwa motero.

Fupa la ntchafu limangokhala pamwamba pa fupa la msongolo, popanda dzenje lakuya loti lilowemo. Zozigwira ndizo zingwe zinayi. Ziwiri zili m'mbali, china mkati china kunja, kuletsa bondo kupindikira kumbali. Ziwiri zinazo zili pakati penipeni, zopingasana, kuletsa msongolo kuterereka kutsogolo kapena kumbuyo.

Ine izi ndinazidziwa mowawa. Tsiku lina la mvula ndinali kuonetsa anthu kachimangidwe ka mgula m'munda wotsetsereka. Podumpha ngalande phazi linatitimira m'matope, thupi n'kupotoloka phazi lili chikhalire. Ndinamva kuti thu! m'bondo, ndipo pofika madzulo linali litatupa ngati dzungu. Achibale anati titeme mphini, ine ndinakana, komabe ndinachita chopusa china: kutupa kutaphwa ndinabwerera kuntchito. Patapita mwezi, ndikutsika pa njinga, mwendo unangofooka ndipo ndinagwa pamaso pa anthu amene ndinadzawaphunzitsa.

Kuchipatala adokotala anagwira ntchafu, nakoka msongolo, ndipo unasuntha koposa wa mwendo winawo. Chingwe chopingasa chakutsogolo chinali chitaduka. Anandiuza kuti cham'mbali chamkati chimapola chokha kawirikawiri munthu akapuma masabata angapo, koma chopingasachi chikaduka sichilumikizana chokha. Ena amawachita opaleshoni. Ine anandiphunzitsa kulimbitsa minofu ya ntchafu kuti izithandiza kugwira bondo. Ndimayenda bwino tsopano, koma mpira ndinausiya.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi: ambiri a inu mukasenza thumba la chimanga mumatembenuka ndi chiuno chokha, mapazi ali pomwepo. Nanunso amayi, ndi mtsuko pamutu panjira yoterera ya kudambo. Sunthani mapazi, atembenukire pamodzi ndi thupi.

Bondo likavulala ligonekeni pamwamba, muikepo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Musalitsire ndi mphamvu. Likatupa tsiku lomwelo, likakana kuwongoka, kapena mukalephera kuliponda, pemphani ngolo ikutengereni kuchipatala, ngakhale kupalira kusanathe.